Mtendere Wogula ndi Mwana wa Eni

Lero tikamba za mabuku, ndipo ndichenjezeretu kuti ndiulula mathero a nkhani zingapo. Ngati muli mkati mowerenga The Giver kapena The Hunger Games ndipo simufuna kuuzidwa mmene zinathera, tsitsani wailesi yanu pang'ono, sindikwiya.

Pali mtundu wa mabuku a achinyamata umene wagwira msika kwa zaka zoposa 30 tsopano. Nkhani zake zimachitikira m'dziko la mtsogolo limene olamulira amati analikonza bwino, pamene kwenikweni linasanduka ndende. Azungu amati dystopia. Makolo ambiri akaona mwana wawo atagwira buku lotere amakwinya nkhope, ndipo ndimawamvetsa. Mwana wa Fomu 2 akuwerenga za ana ophana okhaokha pa bwalo, zimenezi n'zomanga? Yankho langa n'lakuti ena mwa mabukuwa ndi omanga kwambiri, ena ndi zoseweretsa chabe, ndipo pali njira yowasiyanitsira. Buku likangouza mwana kuti wolamulira wankhanza ndi woipa, palibe chimene lamuphunzitsa, chifukwa zimenezo ankazidziwa kale. Buku lolimba limamuchotsa mwanayo pa mpando wa woonerera wopanda mlandu. Limamuonetsa kuti zoipa zikuluzikulu zimachitika ndi manja a anthu ofatsa, okonda ana awo, ndipo nthawi zina ndi manja a mbali imene iye akuichemerera.

Mabuku otere anayambira kwa akuluakulu. Aldous Huxley anatulutsa Brave New World mu 1932, George Orwell anatulutsa Nineteen Eighty-Four mu 1949. M'mabuku onse awiri munthu wokana dongosolo amagonja: wa Huxley amadzikhweza, wa Orwell amazunzidwa mpaka kufika pomukonda wolamulira yemweyo. Kuno kwathu nakonso Shadreck Chikoti analemba Azotus the Kingdom, nkhani ya Africa wa zaka 500 mtsogolo, choncho tisamati ndi zachizungu zokha. Koma nkhanizi zitafika kwa achinyamata, mwini nkhani anakhala mwana wa zaka 12 kapena 16. Umenewu ndi msinkhu umene akuluakulu amayamba kukugawira malo ako m'dziko kudzera m'mayeso ndi m'ndandanda wa osankhidwa. N'chifukwa chake pafupifupi buku lililonse lotere limayamba ndi mwambo wosankha ana.

Titenge The Giver, limene Mayi Lois Lowry a ku America anatulutsa mu 1993, ndipo chaka chotsatira linapata mendulo ya Newbery. Mudzi wa m'bukuli ukangouwerenga koyamba umasirira. Kulibe njala, kulibe nkhondo, kulibe ulova, kulibe mwana wamasiye wosowa womusamala. Madzulo aliwonse banja limakhala pansi, aliyense n'kufotokoza zimene zamukhudza mumtima tsiku limenelo. Wina akalakwa amapepesa pomwepo. Komiti ya akuluakulu imakusankhira mkazi kapena mwamuna, imakupatsa ana awiri, wamwamuna ndi wamkazi, ndipo mwana akakwana zaka 12 imamupatsa ntchito yoyenerana ndi mphatso zake. Kuti zonsezi zitheke, anthu anataya zinthu zingapo. Saona mitundu, zonse zimangooneka zotuwa. Sadziwa nyimbo. Achinyamata akayamba kumva chilakolako amapatsidwa mapiritsi a tsiku ndi tsiku. Mbiri yonse ya mtundu wa anthu, zokoma ndi zowawa zomwe, anaisenzetsa nkhalamba imodzi kuti ena onse asamavutike nayo. Jonas, mnyamata wa zaka 12, ndiye amasankhidwa kuti alandire katunduyo kwa nkhalambayo.

Munthu amene ndikufuna kuti timuyang'anitsitse ndi bambo ake a Jonas. Ntchito yawo ndi yolera makanda, ndipo m'buku lonse mulibe munthu wofatsa kuposa iwo. Pali khanda lina, Gabriel, losagona bwino usiku komanso losanenepa mofulumira. Bambowa amapempha chilolezo chomabwera nalo kunyumba kuti mwina likhazikike. Amafika posuzumira mwakabisira m'kaundula kuti adziwe dzina la khandalo n'kumalinong'oneza dzinalo, chinthu choletsedwa. Ndani sangakonde bambo wotere?

Kenako kumabadwa mapasa ofanana nkhope. Lamulo la mudzi silola anthu awiri ofanana, kotero mmodzi ayenera kumasulidwa. Mawu amene amagwiritsa ntchito ndi amenewo, kumasulidwa, ndipo ana amakhulupirira kuti womasulidwa amapita kukakhala kwina. Jonas amapempha kuonera kanema wa mwambowo. Amaona bambo ake akuika makanda awiri aja pa sikelo. Lolemerako amalipereka kwa mnzawo wa ntchito. Lopepukalo amalibaya jakisoni pa mtsempha wa pamphumi, uku akulinyengerera ndi mawu okoma omwe aja amene amalankhulira kwa Gabriel kunyumba. Khandalo likasiya kugwedezeka amaliika m'katoni, n'kuliponya pa bowo lotayira zinyalala, n'kulitsanzika mwansangala.

Palibe msilikali pamenepa, palibe mfuti, palibe wokalipa. Pali bambo wabwino amene wamaliza ntchito yake ndipo madzulo akadya ndi ana ake.

Mu 1961, mayi wina woganiza mozama, Hannah Arendt, anapita ku Jerusalem kukamvera mlandu wa Adolf Eichmann, mkulu amene ankakonza masitima otengera Ayuda ku misasa yophera anthu mu ulamuliro wa Hitler. M'buku lawo la 1963 a Arendt anati sanapeze chilombo chimene ankayembekezera. Anapeza munthu wa mu ofesi, wolankhula mawu oloweza, amene anasiya kudzifunsa tanthauzo la ntchito yake. Olemba mbiri ena anadzatsutsa pambuyo pake kuti Eichmann ankangodzibisa m'khoti, chidani chake pa Ayuda chinali chochokera pansi pa mtima. Mkangano umenewo ulipobe. Koma mtundu wa munthu amene a Arendt anamufotokoza ulipo ndithu, ndipo Mayi Lowry anamuika m'manja mwa mwana wa zaka 12 kuti amuweruze.

Ndiye tiweruze. Kodi bambo a Jonas ali ndi mlandu? Nkhalamba ya m'bukuli imawaikira kumbuyo, imati anthu a m'mudzimo sadziwa kanthu, anawalera chomwecho. Ine pamenepa ndimasiyana nayo. Ngati bambowa amakhulupiriradi kuti kumasulidwa ndi ulendo wabwino, n'chifukwa chiyani amavutika usiku ndi usiku kuti Gabriel asamasulidwe? Munthu sateteza mwana ku chinthu chimene akuchiona chokoma. Chikumbumtima chawo chili moyo, kungoti anachiphunzitsa kuima pamene lamulo layambira. Ndipo nthawi ya Gabriel itakwana, iwo omwe amavomera nawo kuti amasulidwe, n'kukanena zimenezo kunyumba pa chakudya ngati nkhani wamba.

Mayi Lowry amafotokoza kuti bukuli linabadwa pamene ankayendera bambo awo ku nyumba yosungirako okalamba. Nkhalambayo inali itayamba kuiwala, mpaka inaiwala kuti mwana wake wamkazi wamkulu anamwalira akadali wachinyamata. Mayi Lowry anadzifunsa ngati kuiwala kotero ndi chifundo kapena kuberedwa. Funso limeneli si lachilendo kwa ife Amalawi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti pafupifupi theka la anthu m'dziko muno sanakwane zaka 18. Unyinji wa Amalawi unabadwa ulamuliro wa chipani chimodzi utatha kale mu 1994. Amene amakumbuka lamulo la 1968 lounika mabuku ndi mafilimu likuluma, kapena kuti Jack Mapanje anakhala ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osazengedwa mlandu, akucheperachepera, ndipo ambiri mwa iwo sakonda kuzikamba pamaso pa ana. Amatero mwachikondi, pofuna kuti ana asasenze zowawa zakale. Akuluakulu a m'mudzi wa Jonas nawonso anayamba ndi chikondi chomwecho.

Jonas amathawa pa njinga usiku, Gabriel ali kumbuyo. Tinene chilungamo kuti kuthawa kwakeko nakonso kuli ndi funso lake. Mmene bukuli linakonzedwera, wosunga mbiri akachoka, zonse zimene anasunga zimabwerera kwa anthu. Ndiye kuti Jonas akuwatsanulira anthu osakonzeka ululu wa nkhondo ndi njala popanda kuwafunsa. Akuwasankhira chimene iye waona kuti n'chabwino, ngati mmene komiti ija inkachitira. Ndikuganiza kuti anachita bwino, koma mwana amene wazindikira vuto limeneli wawerenga bukuli mozama kuposa amene wangoomba m'manja.

Funso lenileni la bukuli ndi lakale. Mu 1880, m'buku la Fyodor Dostoevsky lotchedwa The Brothers Karamazov, Ivan amafunsa mng'ono wake Alyosha ngati angalole kumanga chimwemwe cha anthu onse pa mazunzo a mwana mmodzi yekha. Alyosha amakana. Mu 1973 Ursula Le Guin analemba kankhani ka mzinda wa Omelas, wokondwa kotheratu malinga ngati mwana mmodzi akhalabe wotsekeredwa m'kachipinda kamdima. Anthu onse a mumzindamo amadziwa. Ambiri amavomereza, ochepa amanyamuka n'kuchoka. Kumbuyo kwa nkhani zimenezi kuli mkangano wa oganiza awiri. Jeremy Bentham ankati chabwino ndi chimene chikondweretsa anthu ochuluka. Immanuel Kant ankati munthu sayenera kusandutsidwa chida chabe chopezera zofuna za ena, angachuluke bwanji. Chimene ndimakondera Jonas n'chakuti ochoka ku Omelas amachoka manja ali oyera koma mwana uja amamusiya m'chipinda momwemo, pamene Jonas amachoka atamunyamula.

Kwa inu amene mwangotsegula kumene wailesi, tikukamba za mabuku a achinyamata onena za maiko osokonekera a mtsogolo, ndi mafunso a chabwino ndi choipa amene amadzutsa. Tsopano tifike pa lotchuka kuposa onse.

Mayi Suzanne Collins anatulutsa The Hunger Games mu 2008, Catching Fire mu 2009 ndi Mockingjay mu 2010. Dziko lake ndi Panem, lomangidwa pa mabwinja a North America. Lili ndi likulu lolemera lotchedwa Capitol ndi zigawo 12 zolitumikira. Pofuna kulanga zigawozo chifukwa cha kuukira kwakale, chaka chilichonse boma limachita maere n'kutenga mnyamata ndi mtsikana a zaka za pakati pa 12 ndi 18 m'chigawo chilichonse. Ana 24 amenewo amaponyedwa m'bwalo kuti aphane mpaka atsale mmodzi, dziko lonse likuonera pa kanema. Nkhani imayamba m'chaka cha 74 cha masewerawa, pamene maere amagwera Prim, kamtsikana ka zaka 12, ndipo mkulu wake Katniss, wa zaka 16, amadzipereka m'malo mwake.

Anthu ambiri amathamangira za uta ndi mivi. Ine ndimaima pa maere aja, chifukwa mpamene Mayi Collins anaonetsa luso lawo. Pa pepala, maerewo ndi achilungamo, mwana aliyense dzina lake limalowa. Koma mwana wa m'banja losauka akhoza kulowetsa dzina lake kowonjezera posinthanitsa ndi tirigu ndi mafuta ochepa a munthu mmodzi kwa chaka, ndipo maina owonjezerawo sachotsedwa, amaunjikana chaka ndi chaka. Ameneyu ndi katapila, kungoti chiwongoladzanja chake ndi moyo wa mwana. Katniss, amene bambo ake anafera mu mgodi wa malasha, ali ndi timapepala 20 m'botolo la maere. Mnzake Gale, wodyetsa abale ake, ali ndi 42. Mwana wa meya safunika kuwonjezera ngakhale kamodzi. Zotsatira zake n'zakuti wosauka amadana ndi mwana wa wogulitsa m'sitolo wa m'mudzi momwemo, m'malo modana ndi amene anakonza maerewo. Mwana amene wamvetsa ndime imeneyi wamvetsa kuti lamulo likhoza kulembedwa mofanana kwa onse koma n'kumaluma mbali imodzi yokha.

Makolo athu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Panem inamangidwa kuti iphe mwambi umenewu, chifukwa kuti mwana wako abwerere kunyumba, ana 23 a anzako ayenera kufa. N'chifukwa chake chochita cha Katniss chimene chimagwedeza dziko si kupha ayi. M'bwalo muja amagwirizana ndi Rue, kamtsikana ka zaka 12 kochokera ku chigawo cha 11, cha alimi. Rue ataphedwa, Katniss amathyola maluwa n'kukongoletsa mtembo wake makamera akuona, kuchita mwambo wa maliro pa mwana wa eni amene malamulo amati ndi mdani wake. Anthu a chigawo cha 11, osauka omwewo, amasonkherana n'kumutumizira buledi.

Mayi Collins amanena kuti ganizo la bukuli linawabwerera usiku wina akusinthasintha matchanelo pa kanema. Kwina kunali mpikisano wa achinyamata wosangalatsa anthu, kwina zithunzi za nkhondo ya ku Iraq, ndipo ziwirizo zinayamba kusakanikirana m'mutu mwawo. Anatengako ndi nthano ya Agiriki ya Theseus, mmene mzinda wa Athens unkatumiza anyamata 7 ndi atsikana 7 ku Crete kuti akadyedwe ndi chilombo. Choncho bukuli likuloza chala woonerera. Anthu a ku Capitol si afiti. Amalira mwana amene amamukonda akafa, amasonkha ndalama kumutumizira mankhwala, kenako amadikira masewera a chaka chamawa. Katniss amazindikira msanga kuti akapsompsona Peeta, mnyamata wa kwawo, oonerera amasangalala ndipo chakudya chimatsika kuchokera kumwamba. Amafika posadziwa yekha kuti chikondi chenicheni n'chiti, cha pa kamera n'chiti. Mwana wa masiku ano amene amakonza nkhope yake asanaike chithunzi pa Facebook kapena TikTok safunika womufotokozera zimenezi.

Koma apa pali msampha umene wowerenga amagweramo yekha. M'buku loyamba mlembi amamupeputsira zinthu Katniss. Sakumana ndi nthawi yoti aphe Rue kapena mwana wina wosalakwa ndi manja ake, ena amamuchitira. Ana ochokera ku zigawo zolemerako, amene anaphunzitsidwa kumenya kuyambira ali aang'ono, amajambulidwa odzikuza ndi ankhanza, ndipo akamafa wowerenga amapuma bwino. Mukadzipeza mukukondwa kuti Cato, mmodzi wa iwo, akufa, kumbukirani kuti nayenso ndi mwana wa munthu, ndipo inu mwakhala pa mpando wa ku Capitol.

Umboni wakuti ambiri sanaumve msamphawu unaoneka mafilimu atatuluka. Mu 2012, Rue ataseweredwa ndi Amandla Stenberg, mwana wakuda, anthu ena analemba pa Twitter kuti akhumudwa, ena mpaka ananena kuti imfa yake sinawakhudzenso kwambiri. Chonsecho bukulo linanena poyera kuti Rue ndi wakhungu lakuda. Anawerenga nkhani yonse yokamba za ana amene moyo wawo umayesedwa wotchipa, iwo n'kuchita zomwezo. Chaka chotsatira kampani ya zodzoladzola ya CoverGirl inatulutsa zopakapaka zotengera maonekedwe a ku Capitol, kuti atsikana azidzikongoletsa ngati anthu amene amaonerera ana akuphana.

Ena anatengamo china. M'nkhaniyi muli chizindikiro chokweza zala zitatu m'mwamba. Asilikali atalanda boma ku Thailand mu May 2014, motsogozedwa ndi Prayut Chan-o-cha, otsutsa anayamba kukweza zala zitatu m'misewu ya Bangkok. Mu November chaka chomwecho ophunzira 5 anagwidwa ku Khon Kaen atachita chizindikirocho pamaso pa Prayut akulankhula. Mu February 2021 asilikali atalandanso boma ku Myanmar, zala zitatu zinadzaza misewu ya Yangon ndi Mandalay, ndipo kumeneko asilikali anaombera anthu zipolopolo zenizeni. Ndiye amene amati mabukuwa ndi zachibwana aganizenso.

Komabe kulimba mtima kokana wankhanza ndi gawo losavuta kulimvetsa, ndipo otsanzira ambiri anatola gawo lokhalo. The Hunger Games itagulidwa kwambiri, mabuku otere anachuluka. Ndingotchula Divergent la Veronica Roth la 2011. Mumzinda wa Chicago anthu anagawidwa m'magulu 5 potengera khalidwe, ndipo mtsikana Tris amapezeka kuti sakwana m'gulu limodzi, ndi wapadera. Limawerengeka msanga, sindikana. Koma limamunong'oneza wachinyamata zimene amafuna kale kumva, kuti iye yekha ndiye wotseguka maso, ena onse ndi nkhosa, ndipo dziko limamuda chifukwa cha mphatso zake. Kumeneko n'kunyengerera. Ndipo maganizo akuti ine ndekha ndikuona bwino, enawa ndi ogona, ndi amene olamulira ankhanza ambiri amayamba nawo.

Mockingjay ndi buku limene achinyamata ambiri salikonda pa atatu aja. Amati ndi lolemetsa, Katniss amangokhala wosweka mtima, kubisala m'tizipinda. Kwa ine ndi limene limapatsa ulemu mndandanda wonse. Bambo a Mayi Collins anali msilikali wa ndege za nkhondo, anapita ku Vietnam mwana wawoyu ali ndi zaka 6, ndipo mlembiyu wakhala akunena kuti amalembera achinyamata za funso la nkhondo yachilungamo. Funsoli analilimbana nalo Augustine ndi Thomas Aquinas, ndipo lili pawiri. Kodi ndi liti pamene n'kololeka kuyamba nkhondo? Ndipo ukaiyamba pa chifukwa chabwino, kodi zonse zimaloledwa? Pa loyamba bukuli silikayika, zigawo zili ndi chifukwa chokwanira choukira Pulezidenti Snow, wolamulira Panem. Mavuto ali pa lachiwiri.

Oukira ali ndi mtsogoleri wawo, Pulezidenti Alma Coin wa chigawo cha 13, chimene anthu ankayesa kuti chinafafanizidwa. Nawonso ali ndi makamera awo. Amamuveka Katniss, kumupaka nkhope, kumupititsa ku chipatala cha ovulala kuti akajambule misozi yake. Pa nkhondo ya ku chigawo chachiwiri, Gale amapereka nzeru yogumula phiri kuti adani atsekeredwe mkati, pamodzi ndi antchito wamba. Katniss, mwana wa munthu wofera mu mgodi, amanyansidwa nazo. Gale amayankha ngati mmene amayankhira aliyense amene anaona kwawo kukutenthedwa: iwo anatichitira chifundo? Ndipo n'zovuta kumutsutsa, chifukwa chigawo cha 12, kwawo kwa iye ndi Katniss, chinaphulitsidwadi iye akuona. Gale yemweyo, pamodzi ndi katswiri wa zamagetsi Beetee, amaganiza za bomba lophulika kawiri. Loyamba limavulaza anthu, kenako limadikira kuti othandiza athamangire pamalopo, lachiwiri n'kuphulika. Ndi chida chokonzedwa kuti chisake chifundo cha munthu.

Nkhondo ikutha, timaparachuti timatsika pa gulu la ana a ku Capitol amene asonkhanitsidwa kutsogolo kwa nyumba ya Snow. Anawo amatambasula manja poyesa ndi mphatso, monga zinkakhalira m'masewera. Timaphulika. Achipatala a oukira amathamangira kukathandiza, ndipo pakati pawo pali Prim. Kuphulika kwachiwiri kumamupha. Mtsikana amene nkhani yonse inayambira pomupulumutsa amafa ndi chida chimene chikuoneka kuti n'cha mbali yake yomwe. Ndinene kuti bukuli silipereka umboni wotseka pakamwa. Amene amamuuza Katniss kuti ndi Coin analamula ndi Snow, munthu wabodza. Gale naye amavomera kuti sakudziwa ngati linali bomba lake. Wowerenga amasiyidwa kuti aunike yekha, ndipo m'nkhondo zenizeni zimakhala chomwecho.

Kenako Coin amaitanitsa opambana masewera 7 amene atsala ndi moyo. Amawauza kuti anthu akufuna kubwezera, ndipo m'malo mopha anthu onse a ku Capitol, bwanji pachitike masewera amodzi omaliza, a ana a akuluakulu a boma lakale. Mumve bwino kuti akulankhula ngati wophunzira wa Bentham: afe ochepa kuti ochuluka apulumuke. Peeta, Annie ndi Beetee amakana. Johanna ndi Enobaria amavomera. Katniss amavomera, akutchula dzina la Prim, ndipo Haymitch, amene anamuphunzitsa, amamutsatira. Mavoti 4 kwa 3. Tsiku lomwelo amamupatsa uta ndi muvi umodzi kuti aphe Snow pamaso pa anthu. Iye amakweza uta n'kulasa Coin.

Owerenga amakanganabe za voti imeneyi. Ena amati chisoni chinamugonjetsa, anafunadi kuti ana a adani alawe zomwezo. Ine ndili ndi amene amati inali nyambo. Atangomva pempholo anadziwa kuti Coin ndi Snow wachiwiri, ndipo akanakana sakanaloledwa kuyandikira ndi chida m'manja. Haymitch, amene amamudziwa bwino kuposa wina aliyense, anazindikira zimenezo n'kumuthandiza. Koma ngakhale titamasulira momukomera chonchi, tisathawe chimene chachitika. Mtsikana wa zaka 17 wanama pa voti yokhudza miyoyo ya ana, kenako wapha mtsogoleri popanda khoti, potengera mawu a mdani ndi kuganiza kwake yekha. Mwina analondola. Muvi ukanaphonya, voti yake ikanatsalabe, ndipo ana aja akanalowa m'bwalo ndi chilolezo chake. Mphunzitsi amene angaike funso limeneli pamaso pa kalasi ya Fomu 3 sadzasowa zokamba mpaka belu kulira.

Mlembi samupatsa Katniss mpando kapena chikondwerero. Mlandu wake umazengedwa iye kulibe, dokotala amachitira umboni kuti mutu wake sukuyenda bwino, ndipo amabwezedwa ku mabwinja a chigawo cha 12, kumene maloto oopsa samusiya ngakhale atakula. Snow amafa pa chipwirikiti cha tsiku lomwelo. Paylor, mtsogoleri wa asilikali wochokera ku chigawo cha 8, amasankhidwa kukhala pulezidenti. Gale amapeza ntchito yapamwamba ku chigawo chachiwiri. Nanga Plutarch Heavensbee, amene anali mkulu wokonza masewera ophera ana mu ulamuliro wa Snow asanaonekere kuti ali ndi oukira, ndiponso amene ankatsogolera makamera a Coin? Boma latsopano limamupatsa udindo woyang'anira zofalitsa nkhani. Pamene akumuperekeza Katniss kwawo pa ndege, amamufunsa ngati angakonde kudzaimba nawo m'pulogalamu yatsopano ya nyimbo imene akukonza pa kanema.